Kakhodi aka ndikaike pati? Za kusanja khodi yanu pa webusayiti

Aliyense amene anagwirapo webusayiti yopangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, Drupal kapena zina zamtunduwu funso ili anakumana nalo: ndili ndi kakhodi ka mizere 10 kothetsa vuto langa, kaya ndalemba ndekha kaya ndakopera penapake, nde ndikaike pati? Mukafunsa anthu asanu mulandira mayankho asanu. Wina akuti ponyani mu functions.php basi nkhani yatha, wina akuti ayi pangani kaye child theme, wachitatu akuti zimenezo nzachibwana lembani plugin yanuyanu, kenako pakutulukira wina amene sakuyankha n'komwe funso lanu koma akufunsa ngati muli ndi Git, ngati muli ndi staging, ngati Composer munaimvapo. Munthu umangoti kakasi, poti webusayiti ikutseguka bwinobwino ndipo kasitomala sakudandaula, ndiye phokoso lonseli nlachani?

Nkhani ndi yoti khodi yoikidwa malo olakwika siivuta tsiku lomwe mwaiika. Imadzavuta pakatha miyezi, tsiku la update, tsiku losintha maonekedwe, kapena tsiku limene amene anailemba wasiya ntchito ndipo wina akufunafuna chimene chikupangitsa kuti fomu ina yake izitumiza ma email kwa munthu amene anachoka kalekale. Mawu onse aja, child theme, Git, staging, akuyankha funso limodzi: chinthu china chikasintha, khodi yangayi ipulumuka, ndipo munthu wina adzatha kuipeza? Zitsanzo zambiri nditenga ku WordPress poti ndi imene ikuyendetsa mawebusayiti oposa 40 pa 100 aliwonse, koma mfundo zake zimagwira kwina konse.

Yanu ndi iti, ya eni ake ndi iti

Mu webusayiti yamasiku ano mumakhala khodi ya magulu atatu. Pali core, kutanthauza pulogalamu yeniyeniyo monga imabwerera kuchoka kwa oipanga. Pali za anthu ena zimene mwawonjezera, ma plugin owonjezera ntchito zina, ma theme a maonekedwe ndi ma library, kutanthauza khodi yopangidwa kale imene khodi ina imadalira. Ndiye pali yanu, imene yalembedwera webusayiti imeneyi yokha, ndipo nthawi zambiri ndi yochepetsetsa pa zonse koma ndi yokhayo imene ikatayika simungakaitenge kwina kulikonse. Core mukhoza kupanga download kachikena mphindi ziwiri. Mizere 300 imene imawerengera mtengo wotumizira katundu mmene bizinesi yanu imafunira, imeneyo palibe amene akukusungirani.

Zili ngati kukhala m'nyumba ya lendi. Makoma ndi denga ndi za landilodi ndipo ali ndi ufulu wobwera kudzagumula khoma n'kumanga lina. Shelefu imene mwapanga nokha mukaikhomerera m'khoma lakelo, tsiku lokonza yapita, ndipo landilodi sanalakwe chilichonse. Update imachita zomwezo, imachotsa mafayilo akale a core kapena a plugin n'kuika atsopano, siifunsa ngati munasinthamo kanthu. Apa anthu amagwera mbali ziwiri ndipo zonse nzowawa: ena amapanga update n'kutaya ntchito yawo, ena amaopa n'kusiya kupanga update kwa zaka, webusayiti n'kukhala ndi mabowo a chitetezo amene dziko lonse likuwadziwa.

Kale kusintha core sikunali kulakwa, inali njira yokhayo. WordPress itayamba mu 2003, pamene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaitenga kuchokera ku pulogalamu ina yotchedwa b2, munthu akafuna china chapadera ankatsegula mafayilo enieniwo n'kusintha. Ma plugin anabwera mu 2004 ndi version 1.2, ma theme mu 2005 ndi version 1.5. Kuyambira pamenepo lamulo loti core osaikhudza linakhazikika, ndipo a Drupal, imene Dries Buytaert anaitulutsa mu 2001, ndi amene amalinena mwamphamvu kwambiri, mpaka chizolowezi chawo ndi choti mu foda ya modules, amene ndi ma plugin a ku Drupal, mumakhala foda ya contrib ya za anthu ena ndi ya custom ya zanu, kuti munthu akangotsegula adziwe pompo kuti izi nzathu izi ayi.

Ma hook

Nanga ngati core sitikuikhudza, tisintha bwanji mmene imagwirira ntchito? Oipanga anasiya dala malo mkati mwa khodi yawo pamene pulogalamu imaima kaye n'kufunsa kuti, alipo amene akufuna kuchitapo kanthu apa? Malo amenewo ndi ma hook. Mu WordPress alipo a mitundu iwiri: action, pamene mumachita kanthu nthawi inayake, monga nkhani ikangosindikizidwa tumiza uthenga, ndi filter, pamene mumalandira chinthu n'kuchisintha n'kuchibweza, monga mutu wa tsamba usanaoneke. Khodi yanu imakhala mu fayilo yanu, imangolembetsa dzina pa hook, core ikasintha hook imakhalapobe. Kwina amati ma event kapena middleware, koma ganizo ndi lomwelo, m'nyumba ija ndi ngati masoketi amene landilodi anaika kuti musamaboole khoma kufuna waya.

Theme, child theme, plugin, ndi pamene mkangano weniweni uli

Apa mpofunika kuchedwapo. Theme ntchito yake ndi maonekedwe: mitundu, zilembo, kayalidwe ka tsamba. Koma theme iliyonse ikhoza kukhala ndi fayilo ya functions.php imene imayenda nthawi iliyonse tsamba likamatseguka, ndipo poti ndi yosavuta kuipeza, ngakhale mu dashboard, tsamba loyendetserapo webusayiti, muli poisinthira, yasanduka dzala lotayiramo chilichonse. Khodi ya Google Analytics ili momwemo, yosintha ma email ili momwemo, yolumikiza ndi njira yolipirira ili momwemonso, mizere 2000 yopanda ndi komenti yomwe.

Vuto loyamba ndi lija la update, ngati theme ndi yogula kapena ya anthu ena, update idzafufuta zonsezo. Child theme inabwera kudzathetsa limeneli. Ndi foda yaing'ono yokhala ndi style.css imene pamwamba pake pali mzere wa Template wotchula theme yaikulu, ndipo imatengera zonse kuchokera kwa kholo lakelo kupatula zimene mwasintha inu. Kholo lipange update kangati kaya, foda yanu siikhudzidwa. Chimene ambiri sachidziwa nchoti ngati mwakopera template yonse ya kholo, kutanthauza fayilo yoyala tsamba, kuti musinthe mzere umodzi, kope yanuyo imaima pomwepo, kholo likakonza cholakwika mu fayilo imeneyo inu simulandira, chifukwa yanu ndi imene ikugwiritsidwa ntchito. Nde kukopera mafayilo ambiri mu child theme ndi ngongole imene imakula mwakachetechete.

Vuto lachiwiri child theme siingalithetse. Tiyerekeze kuti mwalembetsa mtundu wanu wa zinthu, monga "maphunziro" kapena "katundu", zimene WordPress imazitcha custom post type ndipo zinabwera bwinobwino mu version 3.0 mu 2010. Mwazilemba mu theme. Patapita zaka ziwiri kasitomala akuti tisinthe maonekedwe, mwaika theme ina, ndipo maphunziro onse 200 asowa mu dashboard. Sanafufutike ayi, ali mu database momwemo, koma khodi imene inkauza WordPress kuti zinthu zimenezi ziliko yapita limodzi ndi theme yakale. Ma shortcode, timawu ta m'mabulaketi timene khodi imatisandutsa chinthu monga fomu, nawonso amangotsala ngati mawu osamveka pakati pa nkhani.

Nchifukwa chake ma developer ambiri ali ndi funso limene amadzifunsa asanaike khodi: mawa tikasintha maonekedwe, chinthu ichi chikuyenera kutsala kapena chipite? Ngati chipite, malo ake ndi theme. Ngati chitsale, malo ake ndi plugin ya webusayiti imeneyo. Ndipo mawu oti plugin amaopseza anthu pachabe, plugin ndi fayilo ya PHP, chilankhulo chimene WordPress inalembedwamo, yokhala ndi komenti pamwamba yonena Plugin Name, basi, khodi yomwe ija imene munakaika mu functions.php imagwira chimodzimodzi. Palinso foda ya mu-plugins mkati mwa wp-content, imene inachokera ku WordPress MU yakale yoyendetsa mawebusayiti ambiri pamodzi, zimene zili mmenemo zimayenda zokha, zimayamba ma plugin ena asanayambe, ndipo palibe batani lozizimitsira mu dashboard. Nzabwino pa zinthu zimene kasitomala sakuyenera kuzizimitsa mwangozi, koma WordPress imangowerenga mafayilo a PHP amene ali pamwamba penipeni mu fodayo, osati a m'mafoda amkati, ndipo siikuuzani za update.

Ganizo limeneli si la WordPress, ndi lakale kuposa intaneti imene tikuidziwa. Mu 1972 David Parnas analemba kuti pulogalamu izigawidwa potengera zinthu zimene zingadzasinthe, chigawo chilichonse chizibisa chimodzi mwa izo kuti chikasintha zina zisagwedezeke. Mu 1974 Edsger Dijkstra anagwiritsa ntchito mawu oti separation of concerns. CSS itakhala muyezo mu 1996 inali nkhani yomweyo, maonekedwe achoke mu HTML akhale paokha.

Pali gulu lina limene limakonda ma plugin osungira tizidutswa ta khodi, monga Code Snippets, pamene mumamata khodi mu dashboard n'kuiyatsa ndi batani. Ubwino wake ndi woonekeratu, simufunika kugwira mafayilo, kachidutswa kalikonse kali ndi dzina lake ndipo mukhoza kukazimitsa pakokha. Otsutsa amati tizidutswa timeneti nthawi zambiri timasungidwa mu database, ndiye Git siitiona, wofufuza m'mafayilo satipeza, ndipo aliyense amene ali ndi password ya admin akhoza kuyendetsa PHP. Onse akunena zoona, zimatengera kuti webusayiti ndi yaikulu bwanji komanso akuigwira ndi anthu angati.

Mayina ndi mafoda

Ichi nchachifupi. Mu PHP ma function awiri, kutanthauza tizigawo ta khodi tokhala ndi dzina, sangakhale ndi dzina limodzi pamalo amodzi, mukalemba get_price() ndipo plugin ina ili kale ndi get_price() webusayiti yonse imagwa pompo. Njira yakale ndi kuika zilembo zanu kutsogolo kwa dzina lililonse. Njira yatsopanoko ndi namespace, imene inabwera mu PHP 5.3 mu 2009, ili ngati mmene mafayilo awiri a dzina limodzi amakhalira mwamtendere bola ali m'mafoda osiyana. Kenako gulu la PHP-FIG linagwirizana muyezo wa PSR-4 mu 2013 woti dzina la class lizigwirizana ndi malo a fayilo yake, ndiye kompyuta imaipeza yokha osachita kulemba require kambirimbiri, ndipo chofunika kwambiri, munthu naye amaipeza. Za kayalidwe ka mafoda palibe lamulo limodzi, ena amagawa potengera mtundu wa fayilo, ena potengera ntchito, monga zonse za malipiro foda imodzi. Chimene chimapweteka si kusankha njira iyi kapena iyo koma kusakaniza zitatu mu pulojekiti imodzi.

Git

Tonse tinaonapo mafayilo a mayina ngati functions-old.php, functions-backup2.php, functions-final-yeniyeni.php. Imeneyo ndi version control yamanja, ndipo pa seva ndi yoopsa chifukwa fayilo ngati wp-config.php.bak seva ikhoza kuionetsa ngati mawu wamba kwa aliyense woifuna, ma password ndi zonse.

Version control ndi pulogalamu imene imasunga mbiri ya kusintha kulikonse: chasintha nchani, wasintha ndani, liti, ndipo ngati analemba uthenga wabwino, chifukwa chake. Zinayamba kale, SCCS ku Bell Labs mu 1972, kenako RCS, CVS, Subversion mu 2000. Git anailemba Linus Torvalds mu April 2005 pamene opanga Linux anataya mwayi wogwiritsa ntchito BitKeeper mwaulere, ndipo GitHub, imene anthu ambiri amaisokoneza ndi Git yeniyeniyo, inabwera mu 2008. Git ndi pulogalamu ya pa kompyuta yanu, GitHub, GitLab ndi Bitbucket ndi malo osungirako ndi kugawanirako basi.

Mawu ofunika ndi ochepa. Commit ndi chithunzi cha mafayilo anu pa nthawi inayake ndi uthenga wake. Branch ndi njira yapambali yoyesera chinthu osasokoneza khodi imene ikugwira ntchito. Merge ndi kubweza zapambalizo mu njira yaikulu, ndipo pull request ndi kupempha mnzanu kuti aone kaye musanatero. Phindu lake limaoneka tsiku limene china chasweka ndipo simukudziwa kuti chinayamba liti, mumangoyang'ana mbiri, mumaona kuti Lachiwiri munasintha mizere inayi mu fayilo yakutiyakuti, mumabweza. Komatu uthenga wa commit ukakhala "fix" kapena "update" maulendo 50 otsatizana, mbiri ilipo koma siikuuzani kanthu.

Funso limene limavuta ndi loti mu Git muzilowa chani. Ambiri amagwirizana kuti yanu ilowe yonse, zithunzi zimene anthu amakweza mu uploads zisalowe, ma password ndi ma API key, amene ali ngati ma password a mapulogalamu, asalowe olo pang'ono. Fayilo ya .gitignore ndi imene imauza Git zoti isaziwerengere. Pa ma password pali msampha: mukaika password mu commit imodzi n'kuichotsa mu commit yotsatira, ikadali mu mbiri, aliyense amene ali ndi repo, kutanthauza foda ya khodi ndi mbiri yake ya Git, akhoza kuiona, ndiye mankhwala ake ndi kusintha password yeniyeniyo osati kungofufuta mzere. Chizolowezi chosunga zinsinsi kunja kwa khodi, mu environment ya seva kapena fayilo ya .env imene siilowa mu Git, chinafala kwambiri kuchokera mu 2011 pamene anthu a ku Heroku analemba mfundo 12 za kapangidwe ka ma app. Ndipo chinthu china, Git si backup ya webusayiti. Nkhani, ma order ndi ma account a anthu zili mu database, Git siizidziwa n'komwe.

Khodi ya anthu ena: Composer ndi npm

Nanga core ndi ma plugin a anthu ena, alowe mu Git kapena ayi? Apa mpamene ma dependency manager amabwera. M'malo mosunga mafayilo masauzande amene simunalembe, mumasunga kalata yaifupi yonena kuti pulojekiti iyi imafuna chakuti version yakuti, ndipo pulogalamu imakatenga yokha. Ku JavaScript kuli npm kuyambira 2010, ku PHP kuli Composer ya Nils Adermann ndi Jordi Boggiano imene inatuluka mu 2012. Pamakhala mafayilo awiri, composer.json imene imanena zimene mukufuna mwachidule, ndi composer.lock imene imalemba version yeniyeni imene inaikidwa, kuti kompyuta yanu, ya mnzanu ndi seva zonse zikhale ndi zofanana ndendende. Mafoda a vendor ndi node_modules, mmene Composer ndi npm amaikamo zimene akatenga, salowa mu Git chifukwa akhoza kupangidwanso. Drupal kuyambira version 8 mu 2015 inayenda njira imeneyi mpaka pano Composer ndi mmene ambiri amaiikira. WordPress payokha siidalira Composer, ofuna kutero amagwiritsa ntchito zinthu ngati Bedrock ya a Roots ndi WPackagist.

Manambala a version nawo ali ndi tanthauzo, kapena tinene kuti amayenera kukhala nalo. Mu dongosolo lotchedwa semantic versioning, pa 2.4.1, nambala yomaliza ikasintha ndiye angokonza cholakwika, yapakati ikasintha awonjezera zatsopano osaswa zakale, yoyamba ikasintha chenjerani zina zisweka. Koma ndi lonjezo chabe la wolembayo, ndipo si onse amalitsata, WordPress yeniyeniyo kuchoka pa 6.4 kupita pa 6.5 imatengedwa ngati version yaikulu.

Kudalira za ena kuli ndi mtengo wake. Mu March 2016 munthu wina anachotsa pa npm ka package kake kotchedwa left-pad, ka mizere 11 kokha, ndipo mapulojekiti ambirimbiri kuphatikizapo odalira chida chotchuka cha JavaScript chotchedwa Babel analephera kumangika mpaka a npm anakabwezeretsa. Ambiri mwa amene anavutika sankadziwa n'komwe kuti amakadalira, kanabwera kudzera mu package ina imene inabwera kudzera mu inanso. Ena anaphunzirapo kuti tizinthu tating'ono tizilemba tokha, ena anati ayi vuto linali malamulo a npm, amene anasinthidwadi pambuyo pake.

Local, staging, live

Kusintha khodi pa webusayiti imene anthu akuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, kudzera pa FTP, njira yokwezera mafayilo pa seva, kapena mu editor ya mu dashboard, ndi chizolowezi chimene pafupifupi aliyense anayambira. Kale mukaiwala semicolon imodzi mu functions.php tsamba lonse linkayera mbuu, dashboard yomwe, ndiye polowera kuti mukonze panalibe. WordPress 5.2 mu 2019 inabweretsa recovery mode imene imatumiza email yokulowetsani, zinathandiza, koma makasitomala amakhala ataona kale. Ambiri amangotseka editor imeneyo ndi mzere wa DISALLOW_FILE_EDIT mu wp-config.php.

Njira ya akatswiri ndi kukhala ndi makope atatu. Local ili pa kompyuta yanu, mumaswa mmene mungafunire. Staging ili pa seva yofanana ndi yeniyeni koma yobisika, kasitomala amaonerapo asanavomereze. Live kapena production ndi imene anthu akuiona. Khodi imayenda kuchoka ku local kupita ku live, pomwe database imayenda mobwerera, kuchoka ku live kutsikira ku staging ndi local, chifukwa zenizeni zili ku live. Kusokoneza mayendedwe awiriwa ndi kumene kumafufutitsa ma order a sabata yonse, munthu wakankha database ya staging pamwamba pa yeniyeni. Ndipo posamutsa database ya WordPress musangosintha ma adiresi ndi find and replace wamba, zina zimasungidwa pamodzi ndi nambala ya kutalika kwa mawu ndipo zimaonongeka, lamulo la search-replace la WP-CLI, chida choyendetsera WordPress polemba malamulo, limadziwa kuzisamalira.

Deployment ndi kukweza khodi ku live, ndipo chifukwa chimene anthu amafunira kuti makina azichita okha osati munthu kukoka mafayilo pamanja nchoti munthu amaiwala fayilo imodzi. Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri si ya webusayiti koma ya kampani yogulitsa masheya ya ku America, Knight Capital. Pa 1 August 2012 khodi yatsopano inali itaikidwa pa ma seva 7 mwa 8, yotsalayo inadzutsa khodi yakale imene inasiyidwa osachotsedwa, ndipo mu mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya madola pafupifupi 440 miliyoni. Webusayiti yanu siingataye zochuluka choncho, koma zolakwika ziwirizo, kukweza pamanja ndi kusiya khodi yakufa ili pomwepo, zili paliponse.

Kuyesa, kuonerana, ndi ngongole

Ma coding standard ndi mgwirizano wa kalembedwe. WordPress imagwiritsa ntchito ma tab, Drupal mipata iwiri, PSR-12 mipata inayi, ndipo anthu akangana pa zimenezi kwa zaka popanda wopambana, chida ngati PHP_CodeSniffer chimangoonetsetsa kuti gulu lonse likutsata imodzi. Ma test, monga a PHPUnit, ndi khodi yoyesa khodi inzake, mukasintha powerengera msonkho test imakuuzani pompo ngati mwaswa pochotsera mtengo. Zida ngati GitHub Actions zimayendetsa zonsezi zokha pa commit iliyonse. Kunena zoona mawebusayiti ang'onoang'ono ambiri alibe test ndi imodzi yomwe ndipo akuyenda, pamene ma test amabweza nthawi imene mwawataira ndi pamene pali ndalama kapena masamu. Chotchipa kwambiri pa zonse, chimenenso chimasowa kwambiri, ndi fayilo ya README ya mizere 20 yonena kuti khodi yathu ili apa, poyendetsa pa kompyuta chitani izi, pokweza chitani izi.

Mawu oti technical debt anayamba ndi Ward Cunningham mu 1992. Ganizo lake ndi loti kuchita chinthu mwachangu ndi ngati kukongola, nthawi zina nkoyenera ndithu, bola mudziwe kuti chiwongola dzanja chikuwerengedwa, kusintha kulikonse kotsatira kumatenga nthawi yochulukirapo mpaka mutabweza.

Zimene sizinagwirizanidwebe

Choyamba ndi muyezo. Webusayiti ya masamba asanu ya munthu mmodzi ikufunikadi Composer, staging ndi ma test? Ena amati Git ndi plugin imodzi yanu nzokwanira, zina zonse ndi katundu wongolemetsa amene mwini wake sadzatha kumusamalira developer akachoka. Ena amati webusayiti iliyonse yaikulu inayamba ndi masamba asanu ndipo palibe tsiku limene munthu amakhala ndi mpata wokonza pambuyo. Mzere uli pati, palibe amene anaujambula.

Chachiwiri ndi zinthu zimene si khodi koma zimachita ngati khodi. Kuyambira pamene block editor, polembera pamene tsamba limamangidwa ndi tizigawo totchedwa ma block, inabwera mu WordPress 5.0 mu December 2018, kenako kusintha webusayiti yonse ndi ma block mu 5.9 mu 2022, zambiri zimene kale zinali m'mafayilo pano zikhoza kusinthidwa ndi mbewa n'kusungidwa mu database. Template ili mu Git, kasitomala waisintha mu editor, yoona ndi iti tsopano? Drupal ili ndi njira yotulutsira ma setting kukhala mafayilo a YAML olowa mu Git, WordPress ili ndi theme.json ndi njira zina zapambali koma ilibe imodzi yogwira zonse, ndipo ma page builder, ma plugin omangira masamba ndi mbewa, amawonjezera chisokonezocho.

Chachitatu ndi ma update odzichitikira okha. WordPress inayamba kudzikonza yokha pa tizinthu tating'ono mu 3.7 mu 2013, ndipo mu 5.5 mu 2020 inalola zomwezo pa ma plugin ndi ma theme. A chitetezo amati yatsani, bowo likadziwika oba sadikira kuti muyese pa staging. Okonda mafayilo ngati composer.lock amati seva ikamasintha yokha ndiye zimene zili mu Git ndi zimene zili pa live zasiyana, ndipo cholinga chonse chinali choti zizifanana.

Ndiye pali khodi yolembedwa ndi AI. Kakhodi kamene kale munthu ankakasaka maola awiri pano kakutuluka mu masekondi, ndiye tizidutswa tikuchuluka mofulumira kuposa anthu otimvetsa. Ena akuona kuti zida zomwezi zikupangitsa kuti kulemba plugin yosanjika bwino ndi ma test ake kukhale kosavuta kwa aliyense, ena akuona functions.php ikunenepa kuposa kale. Ndani amayankha khodi imene palibe munthu mu gulu amene anaiwerenga yonse?

Lomaliza silikhudza kompyuta kwenikweni. Ntchito ikatha, repo imakhala pa account ya ndani, ya developer kapena ya mwini webusayiti? Ngati njira yokwezera khodi imadalira zida za kampani imene inapanga webusayitiyo, mwini wake akafuna kusamukira kwina amanyamula chani? Laisensi ya GPL imene WordPress ndi Drupal zimayendera imanena za ufulu wa amene walandira khodi, koma siinena kuti mbiri ya Git, ma script okwezera ndi README ziperekedwe limodzi, zimenezo zimatengera zimene anthu awiriwo analemba mu mgwirizano wawo, ngati analemba n'komwe.